Chibuku cha alamu chinandisiyitsa kuwerenga zaka ziwiri

Achemwali, mwalemba zoti mng'ono wanu akukana kuwerenga manovelo. Musamukakamize manovelowo chonde, akamati akumutopetsa si ulesi ayi. Ndangowerenga zomwe mwalembazi thupi lonse lachita tsemwe, chifukwa ine zinandionekera.

Sukulu ndinalowa mu 1994, chaka chomwe pulayimale inakhala yaulere, tikuphunzirira pansi pa mtengo, ana osawerengeka mphunzitsi mmodzi. Ndinalekezera Sitandade 5 bambo atamwalira. Kuwerenga kwanga kunali kolumikiza ba be bi, chala chili pa pepala. Nditakwatiwa kuno ku Ndirande ndinayamba kutseka makina anga osokera masana n'kumapita ku sukulu ya kwacha mobisa, anthu ndikuwanamiza kuti ndili kukwaya.

Ndiye pali alamu anga ena, akulu awo a bambo a kunyumba, ophunzira, a mu ofesi m'tauni. Nkhani inawapeza. Tsiku la Khirisimasi tasonkhana kwawo ku Chilomoni, mpunga wa nkhuku tadya, ana ali pamkeka, apongozi pampando, alendo a kutchalitchi kwawo aliponso. Iwo kulowa kuchipinda, kutuluka ndi chibuku chachingerezi chonenepa ngati njerwa, chopanda ndi chithunzi chomwe, zilembo ngati nyerere. Amvekere, "Mlamu, tamva kuti mwayamba yunivesite, tatiwerengereniko tsamba loyamba." Apo n'kuti ndili ndi mbale zakuda m'manja, chitenje chanyowa ndi madzi otsukira. Ndinaika mbale pansi, kupukuta manja, kulandira ndi manja awiri poti ndi akulu. Liwu loyamba ndinalitha. Lachiwiri ndinalitha. Lachitatu linali lalitali, lilime linangouma gwaa. Ndinaliyamba katatu, mwana wawo wa Fomu 2 n'kulitchula ali chigonere, osadzutsa ndi mutu womwe. Nyumba yonse phwete! Apongozi okha ndi amene anazolika. Bambo a kunyumba, amene ndinkati andiikira kumbuyo, anali kumwetulira uku akutokosa m'mano. Thukuta linayenderera mpaka kumsana, zilembo zikuvina, m'makutu muli ziii. Alamuwo n'kuwonjezera kuti nditenge likhale mphatso, ndikadzamaliza tsitsi lili mbuu ndidzawauze mmene nkhani inathera.

Ndinalira m'minibasi kuchoka ku Chilomoni mpaka m'tauni, kutsika, kukwera ya ku Ndirande ndikulirabe, kondakitala mpaka kufunsa ngati kwagwa zovuta. Ku kwacha sindinapondekonso. Zaka ziwiri ngakhale uthenga wa pafoni ndinkapatsa mwana kuti andiwerengere.

Ndipo chondipweteka mpaka lero, munthu yemweyo amatumizabe mathalauza ake kuti ndimupindire, osalipira ndi tambala yomwe, ati ndi zachibale. Chibukucho nditachiona bwino kunyumba masamba ena anali omatana, kusonyeza kuti mwini wake sanachitsegulepo chigulire. Chinali chokongoletsera shelefu basi. Ophunzira ena sukulu inangowapatsa mano oseka anzawo.

Chinandibweza n'chinthu chochititsa manyazi kunena: pepala lokulungira zitumbuwa. Linali tsamba la Tamvani, gawo la Chichewa lija la mu Weekend Nation, lothimbirira ndi mafuta. Panali nkhani ya kukhoti, munthu anaba mbuzi. Ndinaiwerenga ndili pamakina, ndekha, popanda wondiyang'ana pakamwa, mpaka pomwe pepala linang'ambikira. Chigamulo chake sindinachidziwe, ndipo zinandinyansa kwambiri moti Loweruka lotsatira ndinakapempha nyuzi kwa aneba. Kenako ndinazolowera Tamvani ndi Tikambe wa mu Malawi News. Ubwino wa nkhani ya m'nyuzi ndi woti umaimaliza madzi a nsima asanawire, ndipo mayina a malo ndi odziwika, Bangwe, Chirimba, Zingwangwa, sulimbana nawo. Ngati mng'ono wanuyo ndi wa mpira mupatseni masamba akumbuyo, za Bullets ndi Wanderers aziwerenga osamutuma.

China chimene anthu amachipeputsa ndi buku la nyimbo za kutchalitchi. Mawu uli nawo kale pamtima, ndiye pakamwa pamatsogola maso n'kumatsatira, mawa ukakumana ndi liwu lomwelo kwina umalizindikira ngati mnansi. Baibulo nalonso, koma samalani. Buku Lopatulika ndi la 1922, Chichewa chake n'cha agogo, chimapunthwitsa woyamba kumene. Buku Loyera la 1998 ndi lofewa. Ine ndinayamba ndi Marko poti ali ndi mitu 16 yokha. Nthano, miyambi, ndakatulo, zonsezo n'zazifupi. Magazini ya Moni ndinkabwereka kwa mnzanga wa Chikatolika. Mabuku a ana a Sitandade 3 azithunzi aja ndawerenga ambiri, ndinkawakuta ndi pepala la khaki kuti makasitomala asaone. Pitani naye ku National Library m'taunimu kapena ku sitolo ya mabuku ya CLAIM, apo ayi kwa anyamata oyala mabuku a kaunjika m'makonde ku Limbe, mumusiye asankhe yekha, ngakhale atatola la maphikidwe musatsinye nkhope.

Chachikulu musadzamuwerengetse mokweza pamaso pa anthu ena. Komabe kunena zoona kuwerenga chamumtima kumabisa zolakwa, ine mawu ena ndakhala ndikuwatchula mokhota zaka zambiri chifukwa panalibe wondimva. Ndiye madzulo muli awiriwiri muzimukhazika pansi akuwerengereni ndime imodzi, akaphonya mukonzeni pomwepo, musamunyengerere kwambiri, angazolowere zofewa zokhazokha. Ndipo novelo imodzi mugulireni ndithu, yonenepa, aiike kumutu kwa bedi izimuyang'ana. Chibuku cha alamu chija sindinataye. Ndili pa tsamba 140, nkhani yake sikundisangalatsa n'komwe, azungu akungomwa tiyi n'kumakangana za chuma cha masiye, koma ndikufuna ndidzakabweze ndekha ku Chilomoni pa Khirisimasi, apongozi ali pompo, ndiwafunse alamuwo dzina la munthu wa pa tsamba loyamba.