Achemwali, ku Cango pitani, koma anganga asalowe njira yokwawa

Achemwali, funso lanu ndaliona usiku ndipo ndati kukacha ndikuyankheni bwinobwino, osati mothamanga. Mwati mwana wanu wa ku George, ku South Africa, wakuitanani kuti mukadyere kwa iye tchuthi cha Disembala, ndipo akufuna kukakuonetsani mapanga a Cango pamodzi ndi anganga ndi ana awiri aja. Nkhawa yanu ndi yakuti kodi n'koyenera kuwonongera ndalama ndi tsiku lathunthu pa miyala, komanso ngati anganga angakwanitse ndi mawondo awo aja. Ine ndinakhala ku George zaka 4 ndikugwira ntchito yosamalira maluwa ndi kapinga, ndisanabwerere kuno ku Mangochi, ndipo kumapangako ndinafikako kawiri. Pitani ndithu, musazengereze. Chachikulu n'chakuti musankhe bwino njira yolowera, chifukwa zilipo ziwiri ndipo sizifanana ngakhale pang'ono.

Kuchokera ku George si kutali. Msewu umakwera phiri la Outeniqua, n'kutsikira kuseri kwake kudera louma lotchedwa Klein Karoo, ndipo mukayenda makilomita pafupifupi 60 mwafika m'tawuni ya Oudtshoorn. Kuchoka pamenepo ndi makilomita 29 kulowera kumpoto pa msewu wa R328, mpaka patsinde pa mapiri a Swartberg. Mukanyamuka dzuwa likutuluka, mubwerako kusanade. Koma chonde musapite mawa lake la tsiku lomwe mwafika. Aliyense amene anakwerapo basi ya ku Joni amadziwa mmene mapazi amatupira munthu akadutsa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, ndiye inu mukhala mutawonjezanso ulendo wina wautali wofika kunyanja ya kumwera. Anganga ayambe apuma masiku atatu kapena anayi.

Njira yoyamba amaitcha Heritage Tour. Imatenga pafupifupi ola limodzi, mumayenda choimirira, magetsi alimo, masitepe ndi omangidwa bwino ndipo pali pogwira. Imeneyi ndiye ya inu ndi anganga. Masitepe alipo ndithu, sindikubisirani, koma wotsogolera alendo amaima m'chipinda chilichonse kufotokoza, ndiye munthu amapeza mpata wopuma. Ngati anganga amatha kuyenda okha kuchoka pa mlatho wa Bakili Muluzi kukafika kumsika wa pa boma, akwanitsa. Wina angowagwira dzanja potsika masitepe, chifukwa pansi pamakhala ponyowa.

Chimene sindidzaiwala ndi chipinda choyamba, Van Zyl's Hall. Umalowa pakhomo looneka wamba, n'kudutsa kanjira, kenako masitepe amakutsitsa ndipo mwadzidzidzi uli m'chipinda chachikulu, kutalika kwake kuyandikira bwalo la mpira, denga lili kumwamba uko. Dzinali ndi la mlimi wina wa m'deralo, Jacobus van Zyl, amene mbiri imati analowamo mu 1780, ngakhale anthu a mtundu wa San anali atakhala kale pakhomo pa phangalo zaka zambirimbiri azungu asanabwere. Tsiku limene ndinapita koyamba, wotsogolera anatiuza kuti tiime chilili, n'kuzimitsa magetsi onse kusiya kanyali kamodzi, kuti tione mmene anthu akale ankaonera ndi kandulo. Kenako anazimitsanso kanyaliko. Achemwali, ife timati timaudziwa mdima, wa panyanja usiku wopanda mwezi asodzi atazimitsa nyali. Koma panyanja pamakhala nyenyezi. Muja ndinaika chikhatho pamphuno penipeni osachiona. Munali zii, kumangomveka dontho la madzi patali, tho, kenako patapita kanthawi, tho. Mwana wina anayamba kulira. Ndiye awuzeni ana ndi anganga zimenezi musanalowe, kuti magetsi akazima asadzidzimuke. Sizitenga nthawi, ndipo akayatsanso, mpamene maso amaona bwino kukula kwa malowo.

M'chipinda chomwecho muli mwala woima wokha wotchedwa Cleopatra's Needle, wautali pafupifupi mamita 10, woonda ngati mlongoti. Akatswiri amati watenga zaka zosachepera 150,000 kuti ufike pamenepo. Kumbali kuli ina yondondozana ngati mapaipi a limba la m'tchalitchi, n'chifukwa chake amaitcha Organ Pipes.

Ana akakufunsani kuti miyalayi anaiumba ndani, yankho lili kukhitchini kwanu komwe. Suzumirani m'ketulo imene mumawiritsira madzi a pamjigo, muona zoyera zija zomatirira pansi zimene zimavuta kupala. Phiri lonse la Cango ndi mwala wa njereza, mtundu womwe uja amaphwanya ku Njereza kuno kwathu popanga simenti, womwenso anthu a ku Chenkumbi ku Balaka amawotcha kuti apeze laimu. Mvula ikagwa, madzi amatenga mpweya wa m'nthaka n'kukhala ndi kaasidi kochepa. Akamalowa m'ming'alu amasungunula mwalawo pang'onopang'ono, ndipo ndi mmene zipindazo zinakumbikira. Dontho likafika padenga la phanga limalendewera kaye, n'kusiya kanjereza kochepetsetsa lisanagwe. Likagwa limasiyanso kena pansi. Wakumwamba umakula motsika ngati kandulo yosungunuka, wapansi umakula mokwera ngati chulu, ndipo zikapita zaka zikwizikwi amakumana n'kukhala nsanamira imodzi. Pamene madzi amatsetsereka pakhoma, mwala umapindika ngati nsalu yoyanika pachingwe. M'chipinda chachiwiri, Botha's Hall, mudzaona zonsezi pamodzi, ndipo kwa ine ndi chimene chimakongola kuposa zonse. Musathamangire kujambula pamenepo. Imani kaye muyang'ane ndi maso anu, foni ibwere pambuyo.

Apa ndiye pali pempho langa lenileni: musakhudze miyalayo, ndipo ana muwagwire manja. Ndikudziwa kuti dzanja limayabwa, mwala wake umaoneka wosalala ngati sopo. Koma mafuta a m'manja mwathu akamatirira, dontho silisiyanso njereza pamalopo ndipo mwalawo umada. Mukayang'anitsitsa mudzaona ina yothyoka nsonga, ntchito ya alendo akale amene ankagumula kuti akaonetse kwawo, ndi maina amene ena analemba pamakoma. Vutoli linakula msanga moti mu 1820 bwanamkubwa wa Cape, Lord Charles Somerset, anakhazikitsa lamulo loteteza phangali. Kale m'chipinda chachikulu chija ankachitiramo zoimbaimba, koma analetsa ataona kuti khamu la anthu likuwononga. Ndipo mu 1972 ndi 1975 anatulukira zigawo zina mkati, Cango II ndi Cango III, zimene mpaka lero alendo saloledwa kulowamo kuti zikhale mmene zinalengedwera. Phanga lonse lodziwika limapitirira makilomita 4, ife timangoona gawo laling'ono. Zimandiwawa ndikakumbukira mmene ena amakandira maina awo pa Mwala wa Mphini uko ku Cape Maclear kapena pa zojambula za makolo ku Chongoni. Tisakaonetse khalidwe limenelo kwa eni ake.

Njirayi imathera m'chipinda chotchedwa Drum Room, mmene wotsogolera amamenya mwala wina wopyapyala ndipo umalira ngati ng'oma. Iye yekha ndiye amaloledwa kutero. Anganga akasangalala napo pamenepo, ndikukhulupirira.

Tsopano njira yachiwiri, Adventure Tour. Imeneyi imatenga pafupifupi ola limodzi ndi theka. Imadutsa mmene mwadutsa ena onse, kenako imapitirira mkati. Poyamba pali masitepe opitirira 200 otchedwa Jacob's Ladder. Kenako denga limatsika, mumayenda chowerama mtunda ndithu, msana n'kumva. Mukatero mumafika pa Tunnel of Love, mpata wopanikiza umene umadutsa cham'mbali, mwala uku ndi uku ukukhudza nthiti. Pa Devil's Chimney umakwera m'kabowo kopita m'mwamba, kokwana munthu mmodzi, ukudzikoka ndi zigongono. Pomaliza pali Post Box, kampata kotalika masentimita 27 okha, kosakwana ndi rula ya mwana wasukulu. Umagona chafufumimba n'kudzikankha ngati kalata. Ulendo wanga wachiwiri ndinadutsamo ndi anzanga awiri a ku Namwera. Ndili pakati pa Chimney ndinamva mtima ukugunda m'makutu, mwala uli wonyowa ndi woterera chifukwa cha anthu ambirimbiri amene anadutsapo, mpweya uli wolemera. Ndinatuluka malaya ali onyowa, mawondo a buluku ali matope okhaokha, koma ndinakondwa kwambiri. Ndi ya achinyamata olimba thupi amene saopa malo opanikiza.

Si nkhani yochitira manyazi kapena makani. Pa 1 Januwale 2007 mayi wina anakanirira mu Tunnel of Love kwa maola pafupifupi 10, ndipo anthu opitirira 20 amene anali mkati sakanatha kutuluka mpaka opulumutsa atamuchotsa. Choncho anganga ayi, woyembekezera ayi, wa BP kapena mphumu ayi, ndipo ana aang'ono kwambiri sawalola n'komwe. Ngati mwana wanu ndi mdzukulu wamkuluyo akufuna, alowe okha, inu muwadikire panja. Pali malo odyera ndi pokhala pamthunzi.

Za zovala, musanyengedwe ndi kutentha kwa panja. Disembala ku Oudtshoorn dzuwa limaswa mtengo ngati la kuno mu Okutobala, koma mkati mwa phanga mumakhala madigiri 18 chaka chonse, usana ndi usiku. Si kuzizira koti n'kuvalira chijasi, chifukwa chinyezi n'chochuluka ndipo mukamayenda thukuta limabwera. Anganga atenge kajuzi kopepuka basi. Chofunika kwambiri ndi nsapato. Masilipasi ndi nsapato za gogoda zisiyeni kunyumba, valani zamphira zotseka zogwira pansi. Ndinaona mayi wina atavala patapata akutsika masitepe chokhala pansi, mwamuna wake atanyamula chikwama ndi mwana. Chitenje mumange mokwezeka pang'ono kuti chisakupingeni, ndipo chikwama chachikulu chitsale m'galimoto kuti manja akhale omasuka. Pitani kuchimbudzi musanalowe, mkati mulibe.

Mwana wanu asungitse malo kudakali masiku. Disembala ndi nthawi imene dziko lonse la South Africa lili patchuthi, ndipo anthu amalowa m'magulu pa nthawi yoikika, sumangofika n'kulowa wekha. Asankhe gulu la m'mawa anthu asanachuluke, ndiponso atsimikize kuti ndi la Chingerezi, chifukwa ena amafotokoza m'Chiafrikaans. Iye aime pafupi ndi anganga aziwamasulira chapansipansi. Ngati pakhomo panu mumasamala za halaal, konzani kamba wanu kunyumba, mpunga ndi nkhuku kapena mandazi ndi tiyi wa m'fulasiki, mukadyere panja mukatuluka. Chakudya m'phanga salowa nacho.

Pobwerera musadutse Oudtshoorn ngati simukuiona. Tawuni imeneyi inalemera ndi nthenga za nthiwatiwa nkhondo ya 1914 isanayambe, nthawi imene azimayi a ku Ulaya ankazikonda pazipewa, ndipo nyumba zikuluzikulu za miyala zimene amalonda ake anamanga zikadalipo. Nthiwatiwa mudzaziona m'mafamu m'mbali mwa msewu ngati mmene timaonera mbuzi popita ku Monkey Bay. Mafamu ena amalandira alendo. Ana akagwire dzira lake, limodzi lokha limafanana ndi mazira a nkhuku pafupifupi 24. Koma ngati anganga atopa, musakakamize, ingoimani pambali pa mpanda aone ali m'galimoto. Enanso angakuuzeni kuti mukwere Swartberg Pass poti ili pafupi. Ndi yokongola zedi, koma ndi msewu wafumbi wokhotakhota m'mphepete mwa maphompho, ndipo pa tsiku limodzi ndi munthu wachikulire zichuluka.

Chinthu chimodzi chomaliza, achemwali. Gulu likamachoka mu Botha's Hall, inu ndi anganga khalani kumapeto kwa mzere, musathamangire kutsogolo. Phokoso la mapazi likachepa, madontho aja amayamba kumveka bwino. Yang'anani nsonga ya mwala uliwonse wolendewera umene uli pafupi ndi nyali, mudzaona kadontho kakunyezimira, kakukula pang'onopang'ono kasanagwe. Awonetseni anganga kameneko. Mukabwerako mudzatiuze zimene ananena.