Asisi, pa graduation ya ana anuyo DJ musamutenge

Asisi, mwafunsa kuti muli ndi ana 38 ku nazale kwanu, azaka 3 mpaka 5, mukutsekera mu July ndipo makolo akukukakamizani kuti mutenge DJ ndi jumping castle koma ndalama yomwe asonkha ndi yochepa. Ine ndaphunzitsa tiana timeneti kwa zaka zingapo ndiye ndikuuzeni mmene ndimaonera. Ndalamayo gulirani chakudya ndi timphatso, zosangalatsazo apange ndi ana omwewo. Kholo limabwera kudzaona mwana wake ali kutsogolo, silibwerera sipika.

DJ ndimamukana chifukwa cha zomwe ndinaona pa sukulu ina yomwe ndinkagwirako ntchito kale. Anabwera ndi masipika akuluakulu, kuika nyimbo za kumabala zomwe zija, kenako kuitana tiatsikana ta zaka 4 kuti tipikisane kudula chiuno anthu akuluakulu akufupa. Agogo ena ananyamula mdzukulu wawo nkumapita mwambo usanathe, ndipo ine ndinawamvetsa. Tiana ta baby class tinali titatseka makutu tikulira chifukwa cha phokoso. Ngati mukufuna nyimbo bwerekani sipika yaing'ono ya Bluetooth yotchaja, nyimbo musankhe nokha pa foni dzulo lake, maiki imodzi yakwana.

Jumping castle sindikuti ndi yoipa ayi, ana amaikonda zedi, koma dziwani kuti chimene chija chimaima ndi mpweya wa makina omwe amayenera kulira nthawi yonse, magetsi akangothima chimaphwa ana ali mkati. Ndiye ngati mulibe jenereta ndi mafuta ake isiyeni. Komanso July ndi mwezi wa mphepo, chimafunika kukhomerera pansi mwamphamvu, ndipo pakhale munthu wamkulu pakhomo wolowetsa ana asanu kapena asanu ndi mmodzi a msinkhu umodzi, chifukwa azikulu awo a ku pulayimale amabwera nawo tsiku limenelo ndipo ndi amene amaponda tianato.

Tsopano chomwe chimagwira ntchito, ndipo ichi ndachiyesa kangapo, ndi kasewero ka minibasi. Mumandandalika timipando tawo mizere inayi, dalaivala mumamupatsa chivindikiro cha poto ngati chiwongolero, kondakitala mumamupatsa timapepala todula ngati ndalama. Chaka china ndinasankha kamnyamata kena kosayankhula mkalasi, term yonse kamangoyamwa chala pakona, koma titakaika pa chitseko cha minibasi kanayamba kukuwa kuti Limbe Limbe wotsala mmodzi, kakumenya mpando ndi dzanja ngati mmene amamenyera denga aja, mpaka kukaniza kamtsikana kena chenje. Palibe anakaphunzitsa zimenezo, kanaziona kokha mmene kamakwera ndi mayi ake. Mayi akewo anaimirira nkuvina misozi ikutuluka. Ubwino wa seweroli ndi woti aliyense amapezamo malo, wina ndi mayi wobereka chidole, wina wanyamula dengu la tomato, wina wapolisi wa pamsewu woimitsa galimoto, wina nesi akupita kuntchito, ndiye ana 15 mwawalowetsa kale popanda wina kuloweza mzere ngakhale umodzi.

Gulu lachiwiri lipatseni nthano. Ija ya kalulu wokana kukumba nawo chitsime nthawi ya chilala kenako nkumadzaba madzi usiku ndi yabwino chifukwa nyama zilimo zambiri, njovu, fisi, mkango, nyani, mpaka kamba amene amadzamugwira pomaliza. Inu kapena anti mnzanu mukhale wofotokoza, mukati padangotelo makolo onse ayankhe tili tonse, muona okha akuluakulu mmene amayankhira mokweza kuposa ana. Ana ntchito yawo ndi kuyenda ngati nyamazo basi. Makutu a kalulu dulani pa katoni mumangirire ndi lastiki, chitamba cha njovu ndi sokosi yakale yovala kumkono, kamba mumangirireni beseni laling'ono kumsana ndi chitenje. Kumaso musawaphimbe konse, ena amachita mantha akasiya kuona bwino, ndevu za mkango jambulani ndi pensulo ya nsidze ija. Penti wa nyumba kapena maka asayandikire khungu la mwana chonde. Ya Kamdothi ndimaikonda koma pa tsiku ngati limeneli ayi, mathero ake amaliritsa ana.

Pali chinthu chimodzi chomwe chimandipweteka mtima pa ma graduation ambiri, mwana kumuimika yekha pa maiki kuti alakatule ndakatulo yaitali ya Chingerezi yomwe sakuimva ngakhale liwu limodzi, wakhala akukalipiridwa mwezi wonse kuti aloweze, ndiye akafika pakati waiwala, anthu aseka, iye alira. Ndikudziwa makolo amafuna kumva kachizungu poti ndi komwe amalipirira fizi, apatseni ndithu koma kachidule ndipo pagulu, ana onse atchule mitundu ya zinthu atanyamula zinthuzo, awerenge 1 mpaka 20 akuomba mmanja, aliyense anene dzina lake ndi zomwe adzakhale akadzakula. Wokana kuyankhula musamukakamize, mpatseni chigubu aziimba.

Zoimbira ndi zomwezo, zigubu za malita 5 ngati ng'oma, tizitini toika timiyala nkumata bwino ndi selotepi, zotsekera za mabotolo a Fanta zoboola nkuzitunga pa waya. Atsikana amange tizitenje avine chitelera pabwalo lozungulira, anyamata agube ngati a beni ndi zipewa za mapepala. Kagulu ka baby class musakavutitse ndi masitepe, kalowe kagwirane manja kazungulire kawiri katuluke, pamenepo pokha makolo amajambula mpaka foni kudzaza.

Makolo nawonso muwagwiritse ntchito. Mpikisano woti azibambo abereke mwana ndi chitenje nkuthamanga naye umaseketsa kuposa wanthabwala aliyense yemwe mungamulipire, koma pakhale mayi pambali woona kuti mfundo yamangika asananyamuke. Azimayi athamange ndi botolo la madzi pamutu. Ana athamange ndi ndimu pa supuni mmalo mwa dzira, mazira akwera mtengo ndipo akasweka pamaterera. Masewera olimbirana mipando aja ine ndinawasiya, mwana wa zaka 3 samvetsa chifukwa chomwe wachotsedwera.

Nthawi ndiye nkhani yaikulu. Tiana timeneti tikakhala pansi mphindi 15 tatopa, ndiye mwambo wonse usapitirire ola limodzi ndi theka ndipo chilichonse chisapyole mphindi zisanu. Yambani cha mma 9 koloko dzuwa litatuluka poti mmawa wa July kumazizira, muwamwetse phala kaye asanavale magauni ndipo muwapititse kutoileti onse, magauniwo avale pomaliza penipeni chifukwa akavala msanga amakhala atathira Sobo kale. Mlendo wolemekezeka akachedwa yambani, adzapeza zili mkati, ndinaonapo ana atakhala pa mphasa kuyambira 8 mpaka 11 kudikira munthu mmodzi ndipo pomwe amafika theka anali atagona. Zoyankhula zikhale ziwiri, za inu ndi za kholo limodzi, amfumu kapena abusa ngati alipo muwapemphe mwaulemu pasadakhale kuti afupikitse.

Mphatso zikhale zofanana kwa onse 38, pensulo ndi kope ndi kapaketi ka kamba zakwana, osati kupatsa atatu okha ena nkumayang'ana. Mabaluni ngati mukongoletsera amangeni mmwamba, likaphulika tolani zidutswa nthawi yomweyo chifukwa amaika mkamwa ndipo zimatsamwitsa, chimodzimodzi maswiti olimba aja kwa a baby class.

Yambani kuyeserera kwatsala masabata atatu, mphindi 10 patsiku basi ngati masewera, ndipo kawiri komaliza mukayeserere pa bwalo lenilenilo maiki ili yoyatsa kuti asadzadzidzimuke ndi mawu awo omwe. Mufunse kholo lomwe lili ndi golosale likusungireni makatoni kuyambira pano, makutu a kalulu mudule ambiri chifukwa onse amafuna kukhala kalulu.