Funsani Achipatala: Kodi Wodwala Maganizo Amachira?

FUNSO: Achimwene anga ayamba kulankhula okha, sagona, ndipo dzana anaphwanya mawindo. Akuluakulu akuti tiwamange pamtengo chifukwa wopita ku mentolo sabwerako. Ndichite chiyani? Wowerenga, Ntcheu.

YANKHO: Pepani ndi zomwe zakugwerani. Mantha a akuluakuluwo ali ndi pochokera. Mu 1910, malo oyamba osungirako odwala maganizo ku Nyasaland anali mbali ya ndende ya Zomba, ndipo oyang'anira anali asilikali a ndende. Munthu ankatsekeredwa, osati kuchiritsidwa. Chipatala chenicheni cha Zomba Mental chinatsegulidwa mu 1953, patangotha chaka chimodzi madokotala a ku Paris atayamba kupereka chlorpromazine, mankhwala oyamba okhazika pansi munthu wosokonezeka mutu. Mankhwalawa alipo m'zipatala zathu mpaka lero.

Chomwe chimatilimbitsa mtima kwambiri chinachitika ku Nigeria. Mu 1954, Dr Thomas Adeoye Lambo anayamba kugoneka odwala m'midzi yozungulira chipatala cha Aro, ku Abeokuta, aliyense ndi wachibale wake. Masana ankalandira chithandizo, madzulo n'kubwerera kumudzi kukadya ndi anthu. Wachibaleyo ankaphunzira kuona zizindikiro matenda akafuna kubwerera. Inuyo ndiye wachibale ameneyo.

Musawamange. Chingwe chimatseka magazi, chimasiya zilonda, ndipo munthu womangidwa amalimbana kwambiri chifukwa cha mantha. Balalitsani anthu oonerera. Alankhule ndi munthu mmodzi yekha amene iwo amamukhulupirira, mawu apansipansi, ataima chapambali osatseka khomo. Akanena kuti akumva mawu, musawatsutse; ingonenani kuti, "Achimwene, ndikuona kuti mukuvutika, tiyeni tikapeze thandizo." Chotsani mipeni, zikwanje ndi nkhwangwa.

Pitani nawo lero kuchipatala chachikulu cha m'boma lanu, mukafunse namwino wa matenda a maganizo. Mukafotokoze tsiku lomwe zinayamba, ngati thupi likutentha, ngati amamwa mowa kapena kusuta chamba, ndiponso ngati anavulalapo m'mutu. Malungo aakulu, matenda oumitsa khosi, kutsika kwa shuga, ngakhale kusiya kachasu mwadzidzidzi, zonsezi zimasokoneza mutu, ndipo zimapha msanga zikapanda kupezeka. Si onse amatumizidwa ku Zomba. Ambiri amathandizidwa pomwepo.

Pomwe mabanja ambiri amaphonya ndi apa: mankhwala ena amaumitsa khosi ndi lilime, amanjenjemeretsa manja, munthu n'kumachucha dovu. Abale amati matenda akula, n'kusiya mankhwala. Bwererani nawo kuchipatala. Amachepetsa mlingo kapena kuwonjezera benzhexol, mankhwala ochepetsa mavuto amenewa. Akayamba kupeza bwino asasiye okha, chifukwa matenda amabwerera. Ngati amaiwala mapiritsi, funsani za jekeseni wapamwezi.

FUNSO: Mwana wanga wamkazi anati, "Bola ndingofa." Ndikamufunsa, kodi sindimupatsa maganizo oipawo? Mayi wa ku Mzimba.

YANKHO: Ayi, mayi, kufunsa sikuchititsa munthu kudzipha. Mufunseni mosazungulira: "Mwanawe, ukuganiza zodzipha? Waganiza njira yake?" Kenaka khalani chete, mumvetsere. Bungwe la Samaritans, lomvetsera anthu ofuna kudzipha, linayamba mu 1953 ku London ndi foni imodzi ya wansembe Chad Varah, ndipo iye anaona kuti anthu wamba omvetsera mosaweruza ankathandiza kwambiri. Ku Harare, Dr Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi pafupi ndi chipatala, kumvetsera ovutika maganizo ndi kuwathandiza kuthetsa vuto limodzi panthawi imodzi.

Lero lomwe chotsani m'nyumba tameki, mankhwala a mbewu ndi a m'dimba, zingwe ndi mapiritsi. Mukasungitse kwa munthu wina. Mphepo yofuna kudzipha nthawi zambiri imawomba kwa mphindi kapena maola ochepa, ndipo chida chikasowa munthu amapulumuka. Dziko la Sri Lanka litaletsa mankhwala oopsa kwambiri a m'munda, chiwerengero cha odzipha chinatsika ndi kuposa theka.

Asagone yekha. Mawa mupite naye kuchipatala. Kwanuko kulinso chipatala cha matenda a maganizo cha St John of God ku Mzuzu. Akapatsidwa mankhwala a kukhumudwa, dziwani kuti amatenga milungu 2 mpaka 4 asanayambe kugwira ntchito, ndipo m'milungu imeneyo muzimuyang'anira kwambiri. Ngati wamwa kale poizoni, musamusanzitse kapena kumumwetsa mkaka. Thamangirani naye kuchipatala, mutatenga botolo kapena pepala la mankhwalawo.