Mafunso ndi Mayankho: Phiko Likamagwera Mbali Imodzi

Funso: Ndinamanga ndekha ndege ya RV-7. Ndikachepetsa liwiro mpaka kufika pa stall, pomwe mapiko amalephera kunyamula ndege, phiko lamanzere limagwa mwadzidzidzi popanda chenjezo lililonse. Anzanga akuti ndikulitse mphuno (m'mphepete mwa kutsogolo) ya mapiko onse awiri ndi faibagilasi, kuyambira kutsinde mpaka kunsonga. Kodi ndiyambire pati?
*Wowerenga wa ku Johannesburg*

Yankho: Bambo, faibagilasiyo isiyeni kaye m'bokosi. Zomwe anzanuwo akukulangizani zinayesedwa kale, ndipo zotsatira zake zinali zoopsa.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, akatswiri a bungwe la NASA ku Langley, ku America, anayesa mphuno zosiyanasiyana pa ndege yaing'ono ya Grumman American AA-1 Yankee. Yomwe inathandiza ndi cuff, chovala chomwe chimatulutsa mphuno ya phiko kutsogolo ndi kuiweramitsira pansi. Anachiika chakunsonga kokha, kuyambira pa 57 peresenti mpaka pa 95 peresenti ya utali wa phiko, chotuluka ndi 3 peresenti ya mulifupi mwake. Pa RV-7 yanu, yomwe mulifupi mwa phiko ndi masentimita 147, kumeneko ndi kutuluka kwa masentimita 4 ndi theka. Chinsinsi chake chili pomwe cuff imayambira: pamakhala chidikha chakuthwa, ngati pomwe mpeni wadula. Chidikhacho chimapotokola mpweya kukhala kamvuluvulu, ndipo kamvuluvuluyo amakhala ngati mpanda woletsa stall yakutsinde kufalikira kunsonga komwe kuli aileron, kachigawo ka phiko kopendeketsera ndege. Atasalaza chidikhacho, phindu lonse linatha. Ataveka phiko lonse, ndege inkalowa mu flat spin, kuzungulira itagona chafufumimba, komwe kutulukamo n'kovuta kwambiri. Mukaona Cirrus SR22 pabwalo, yandikirani mphuno ya phiko lake, chidikhacho muchiona. Anachisiya dala chosasalaza.

Tsono vuto lanu mwina silifuna n'komwe cuff. Phiko limodzi likamagwa mbali yomweyo nthawi zonse, kawirikawiri mapikowo ndiye osafanana. Imikani ndege mowongoka monga buku la omanga likunenera, muyeze kupendeka kwa phiko lililonse ndi levulo ya manambala pamalo atatu: kutsinde, pakati ndi kunsonga. Kusiyana kwa theka la digiri n'kokwanira kugwetsa phiko. Onaninso ngati ma flap onse awiri, zigawo za kumbuyo kwa phiko zomwe zimatsitsidwa potera, akubwerera mofanana. Kenako dulani kathabwa kopyapyala motsatira mphuno ya phiko lamanja, mukakayeze pamalo omwewo kumanzere. Pomwe kuwala kukudutsa pakati pa kathabwa ndi chitsulo, ndi pomwe mphuno inaphwanyika kapena inapindidwa mosongoka. Musaiwalenso phazi lanu pa chiwongolero cha kumchira: ngati kampira ka pa geji, koonetsa ngati ndege ikuyenda cham'mbali, sikali pakati pa nthawi ya stall, ndege iliyonse imagwetsa phiko.

Zonsezi zikakhala bwino, funsani mpweya weniweniwo. Dulani ulusi wolukira majuzi m'tizidutswa ta masentimita 10, mumate ndi tepi pamwamba pa mapiko onse m'mizere yotalikirana masentimita 30, ndipo muike kamera yoona mapiko onse awiri. Pomwe mpweya ukuyenda bwino, tiulusi timagona phee kuloza kumbuyo. Pomwe wasiya phiko, timavina n'kutembenukira kutsogolo. Mudzaona ndi maso anu phiko lomwe layamba, komanso malo ake.

Mankhwala ocheperako ndi stall strip: kachitsulo ka ngodya zitatu, kotalika masentimita 15 mpaka 20, kotuluka mamilimita 6 mpaka 10, komwe kamamatidwa pamphuno chakutsinde. Ntchito yake n'kusokoneza dala mpweya kuti tsinde liyambe kulephera nsonga zikadagwira. Mpweya wosokonekerawo umakamenya mchira, ndodo yowongolera n'kuyamba kunjenjemera m'manja, ndipo chenjezo lomwe mukulisowa lija ndi limenelo. Ambiri amalakwitsa mbali. Ngati likugwa ndi lamanzere, kachitsulo kamafunika kumanja, kuti lamanja lilephere nthawi imodzi ndi linzake. Mukaika mbali zonse, kakumanja kakhale chokwera pang'ono.

Malo ake ndi patsogolo penipeni pa mphuno. Kukakweza kumakapatsa mphamvu, kukatsitsa kumakafooketsa, ndipo mamilimita 2 kapena 3 okha amasintha zinthu. Lembani mzere ndi cholembera chosafufutika, mumate kaye ndi tepi ya aluminiyamu, ndipo paulendo uliwonse musinthe chinthu chimodzi chokha. Apa tikuchondererani: pa RV-7, mphuno yakutsinde ndiyo thanki ya mafuta. Musaboolepo n'cholinga choika ma rivet. Malo abwino akapezeka, matani ndi phala lomwe munamatira thankiyo. Dziwaninso kuti kachitsuloka kamakweza pang'ono liwiro la stall, choncho muliyezenso musanayambe kutera ndi manambala akale.

Poyesa, khalani nokha m'ndege, kulemera kukhale chakutsogolo kwa malire ake, mukwere mamita 1,500 kapena kuposerapo pamwamba pa nthaka. Kwanuko nthakayo ili kale pa mamita oposa 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere, ndiye nyamukani m'mawa kukadali kozizira. Chepetsani liwiro pang'onopang'ono, knot imodzi (pafupifupi makilomita awiri pa ola) pa sekondi iliyonse. Mulingo wakale wa ndege zovomerezeka ku America unali woti phiko lisapendeke kupitirira madigiri 15, ndipo ndi cholinga chabwino kwa inunso. Ngati simunaphunzire kutuluka mu spin, perekani ntchitoyi kwa woyesa ndege wodziwa.

Musanamate chilichonse, lankhulani ndi woyendera ndege yanu ndipo mutsate zomwe SACAA, bungwe loyang'anira za ndege ku South Africa, ikufuna. Ku America, kusintha kwakukulu kumabweza ndege m'nyengo yoyesedwa kwa maola osachepera 5. Ku Britain, bungwe la ndege zing'onozing'ono la LAA limafuna kuvomereza kaye.

Funso: Ndikufuna kuchotsa ma slat, timapiko tokhala kutsogolo kwa mphuno ya phiko, pa ndege ya Zenith CH 701 kuti izithamanga, m'malo mwake ndiike ma vortex generator, tizidutswa tomatidwa pamwamba pa phiko topotokola mpweya. Pali choopsa?
*Wowerenga wa ku Lusaka*

Yankho: Chilipo, bambo. Chris Heintz, yemwe anakonza ndegeyi, anajambula phiko limenelo pamodzi ndi slat yake, ndiye mukaichotsa mwatsala ndi phiko lina. Mulifupi mwake mwachepa, pomwe mphamvu yonyamula imagwirira pasunthira kumbuyo, ndipo malire a kulemera omwe ali m'buku sakukhudzaninso. Phiko lidzalepheranso mphuno ya ndege isanakwere momwe munazolowera potera. Lemberani kaye a Zenith. Mukalimbikirabe, pimani ndege pa sikelo zitatu, muwerengenso malire a kulemera ndi injiniya, ndipo muyese stall kuyambira pachiyambi monga tafotokozera pamwambapa.