Musayambire ku Fish River, achemwali

Imelo ya achemwali ena yandisowetsa mtendere sabata yonseyi. Akuti mnzawo amene ankagona naye hostelo imodzi kusekondale, pano ndi namwino ku Windhoek m'dziko la Namibia, wawaitana kuti akayende limodzi ulendo wapansi wa masiku asanu ku Fish River Canyon, chigwembe chachikulu cha m'dzikomo. Papita zaka 20 asanaonane. Akufunsa ngati n'kwabwino kupita, komanso zoti alongedze m'chikwama.

Za chikwamazo tizikamba, koma achemwali mwandikanda pachilonda.

Inenso ndinali ndi mnzanga wotero. Tinadziwana tili Fomu 1, tonse tikuzunzidwa ndi anyamata a Fomu 2, kuchapitsidwa zovala ndi kuvinitsidwa popanda ng'oma. Kamba tinkadyera limodzi. Iye amabwera ndi chimanga chokazinga ndi mtedza, ine shuga. Nyemba za anankafumbwe zija tinkazilimbira mtima m'mbale imodzi. MSCE itatha aliyense analowera kwake, iye anaphunzira zamakina mpaka ntchito inamufikitsa kudoko la Walvis Bay, ku Namibia komweko. Zaka 17 ubwenzi wathu unali wa pafoni basi. "Bho aise?" "Bho." Mwezi n'kutha.

Tsiku lina ndinangoti ndikamuone. Ndinakwera basi kudzera ku Mchinji, Lusaka, Livingstone, kuwoloka Zambezi pa Sesheke kulowa Katima Mulilo, kenako kutsetsereka mpaka Windhoek, matako atachita dzanzi. M'chikwama munali timalaya topyapyala tokhatokha, poti ndikamva zoti chipululu ndinkaganiza za Nsanje mwezi wa Okutobala. Kufika ku Walvis Bay ndinapeza nkhungu ndi mphepo yozizira yoposa chiperoni. Madzi ozizira a Benguela amene amadutsa m'gombe limenelo ndiwo amabweretsa nkhunguyo, ndipo ndi omwewonso amamana deralo mvula. Chaka chimatha osagwa ngakhale mamilimita 20. Ndinachita kubwereka juzi ya mwini nyumba.

Usiku woyamba tinaseka mpaka misozi. Mphunzitsi wa Jogalafe amene ankagona m'kalasi, tsiku lomwe tinadumpha mpanda kukaonera filimu pamsika, mtsikana amene tonse awiri tinamulembera kalata iye n'kutikana tonse. Pomakwana maola awiri nkhani zinatha. Mawa lake tinabwerezanso zomwezo, kuseka kwake kochepa. Tsiku lachitatu aliyense anali pafoni yake, ana ake akundiyang'ana ngati mlendo wosadziwa tsiku lobwerera. Chichewa samachimva, ankangonditi ankolo. Munthu ndinali naye pabalazayo anali bambo wa imvi, wa mimba, wodandaula za lendi ndi fizi. Mnyamata ndinkamudziwa ine uja panalibe.

Apa ndilankhula mosapsatira. Anthu timanamizana kuti mnzako wa kusukulu ndi mnzako mpaka kale. Bodza. Chimene mumasunga ndi kathumba ka nkhani zakale, ndipo kathumbako n'kofanana ndi kamba wathu uja, sikafika pakati pa temu. Kakatha mumayamba kuonana bwinobwino, ndiye pamadziwika ngati pali china chotsala. Ambiri safika pamenepa. Amajambulitsa chithunzi, kuika pa Facebook, n'kuthawana.

Ife chinatithandiza ndi mchenga. Loweruka anati tipite ku Sossusvlei, dera la mapiri a mchenga m'chipululu. Msewu wake wa C14 ndi wamiyala, makilomita pafupifupi 300, kudutsa pa mtsinje wa Kuiseb ndi kamalo kena kotchedwa Solitaire komwe aliyense amaima kuthira mafuta ndi kudya chitumbuwa cha maapozi. Tinagona ku Sesriem, m'bandakucha n'kulowa m'paki. Anthu ambiri amatsikira pa Dune 45, phiri la mchenga lomwe lili pa makilomita 45 kuchokera pageti, n'kundandana pamwamba pake ngati pamzere wa kuchigayo, aliyense foni m'mwamba. Ife tinapitirira mpaka pamene tala amathera, makilomita 5 otsala ndi mchenga wofuna galimoto ya 4x4. Mnzanga anali ataloza Big Daddy, phiri lina la mchenga lotalika mamita pafupifupi 325.

Ndinaseka. Ine amene ndinakafika pa Sapitwa, mamita 3,002, ndingaope kachulu aka? Phiri la Mulanje limatipusitsa Amalawife. Kumeneko ukamva ludzu umangowerama pa kamtsinje n'kumwa ndi manja, ukatopa umakhala pamwala pansi pa mtengo. Mwala ukauponda umakhala pomwepo. Mchenga ayi. Ukaponya phazi umakubweza theka la pomwe wafika, ndipo njira ndi kamsana kopyapyala, uku phompho uku phompho, mumayenda mondondozana wina akuponda m'mapazi a mnzake. Kulankhula sikutheka, mpweya umachepa. Thukuta silioneka n'komwe chifukwa limauma likangotuluka, ndiye munthu umadzinamiza kuti sukutaya madzi.

Ine ndinanyamula botolo limodzi. Tisanafike pakati linali gwa, lopanda ndi dontho lomwe. Mnzanga anatsitsa chikwama, n'kutulutsa lina mwa mabotolo anayi amene ananyamula, n'kundipatsira. Ndikumwa iye anangoti, "Aise, sunasinthe. Kamba wako unkamaliza sabata yoyamba n'kumadya wanga." Sanaseke. Aka kanali koyamba chifikireni changa kuti andiuze mawu osakometsera.

Pamwamba tinakhala pansi mwakachetechete, dzuwa likufiiritsa mchenga mbali imodzi, mbali inayo kukadali mthunzi. Ndi pomwe anandiuza za maliro a mayi ake. Uthenga unamupeza ali pantchito, pofika kumudzi anapeza ataika kale. Anati mwa tonse tinaphunzira limodzi palibe anamuimbira foni. Ine ndinalemba "RIP" pansi pa chithunzi, n'kumaona ngati ndapepesa. Mayi amenewa ndi omwe ankakazinga chimanga ndinkadya chija. Ndinasowa chonena, ndinangoyang'ana kachikumbu kakuda kakuthamanga pamchenga. Anandiuza pambuyo pake kuti tizikumbu tina ta kumeneko timakwera pamsana pa mchenga m'mawa, mutu pansi matako m'mwamba, kuti nkhungu isanduke dontho pathupi n'kutsikira kukamwa.

Potsika tinachita kuthamanga, mchenga mpaka m'mawondo, kukafika ku Deadvlei, dambo louma lomwe lili m'munsi mwa phirilo. Pansi ndi dothi loyera losweka ndi dzuwa, mitengo yakuda yomwe inafa zaka mazana apitawo mchenga utatseka njira ya madzi a mtsinje wa Tsauchab, koma siinaole chifukwa kulibe chinyezi. Pofika 10 koloko mchenga unkaotcha kudutsa nsapato.

Ndiye achemwali, pitani. Koma za Fish River ndikukana. Ulendo umenewo ndi makilomita pafupifupi 85, kuyambira kufupi ndi Hobas kukathera pa akasupe otentha a Ai-Ais. Amatsegula pa 1 Meyi n'kutseka pa 15 Seputembala chifukwa miyezi inayo kutentha kwake n'koopsa. Amafuna kalata ya dokotala, komanso gulu la anthu osachepera atatu. Taganizirani, wachitatuyo adzakhala mnzake wa iye wa masiku ano, inu mudzakhala wa kumbuyo. Mukangotsika chigwembe chija mulibe nyumba, mulibe shopu, mumagona panja, chakudya chonse chili kumsana. Mukapsetsana mtima tsiku lachiwiri, atatu otsalawo mudzawayenda mutatupirana masaya. Mchenga wa tsiku limodzi ukukwanirani. Fish River idikire ulendo wachiwiri.

Za m'chikwama

Madzi malita atatu kapena anayi aliyense, osadalira a mnzanu. Nsapato zotseka zomwe mwaziyendera kale, osati zatsopano, osati masilipasi. Chipewa, malaya a manja aatali, mafuta oteteza kudzuwa, ndi juzi, chifukwa usiku wa mu Juni ndi Julayi kumazizira kolowa m'mafupa. Chitenje musasiye, chimatchinga mchenga kumaso mphepo ikayamba. Yambani kukwera dzuwa lisanatuluke.

Ndipo muwatengereko kenakake ka kumudzi. Ine ndinanyamula mpunga wa Kilombero makilogalamu 5, kuutukwana njira yonse chifukwa cha kulemera. Mlamu anandinong'oneza tsiku lonyamuka kuti bambowo anaubisa kuchipinda chogona, ana asaununkhe n'komwe.