Zopita ku Washington pa RV ndi makolo: yankho kwa achemwali a ku South Bend

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchoka kwa achemwali ena ake a ku South Bend, Indiana, dzina sinditchula adzidziwa okha. Nkhani yake ndi iyi, madala ndi masteni akubwera mu Julaye kuchoka ku Dedza, ndiye akufuna akawaonetse Washington DC, onse pamodzi ndi abambo akunyumba ndi ana awiri akukwana anthu 6. Poona mitengo ya mahotela aganiza zobwereka RV, zigalimoto zija zokhala ndi bedi, khitchini ndi toileti momwemo. Funso lawo nlakuti pafupi ndi mzinda waukulu ngati umene uja malo oimika nkugona alipo? Nanga zimatchipadi?

Achemwali, malo alipo. Koma choyamba chotsani m'mutu maganizo oti RV ndi galimoto yoyendera mtauni, imene ija ndi nyumba. Mukafika muyiimike, mulumikize magetsi ndi madzi, basi muisiye pompo mpaka tsiku lobwerera. RV ya mtundu wa Class C imene ambiri amabwereka imatalika mafiti 25 mpaka 30, msinkhu pafupifupi mafiti 12, pomwe magalaja oimikamo magalimoto mtauni ambiri denga lake ndi cha m'ma fiti 7, simungalowe ngakhale mutapemphera bwanji. Ndiye posankha paki musayambe kuona zithunzi za swimming pool, muyambe mwafunsa kuti basi kapena sitima ikwereredwa pati.

Kwa Washington ine ndingatchule malo awiri ndipo onse ali mbali ya Maryland. Oyamba ndi Cherry Hill Park ku College Park, pafupi ndi pamene msewu wa I-95 umakumana ndi Beltway ya I-495, msewu wozungulira Washington. Ubwino wake basi ya Metro imafika pa paki pomwepo nkukakusiyani pa siteshoni, mukwera sitima ya Green Line, kutsika pa Archives kapena L'Enfant Plaza ndiye kuti mwafika wapansi pa National Mall, bwalo lalikulu la ma museum ndi zipilala zachikumbutso. Ali ndi full hookup, kutanthauza magetsi, madzi ndi paipi ya zonyansa pamalo panu pomwepo. Koma mtengo si wamasewera, mapaki oyandikira mizinda ikuluikulu nyengo yotentha amatha kupitirira $100 usiku umodzi, komanso ambiri mtengowo amawerengera anthu ochepa, owonjezera mumalipira padera, inu muli 6 ndiye mufunsiretu. Ndipo bukani panopa, sabata ya 4 Julaye kumadzadza kale kale.

Enawo ndi Greenbelt Park, ya boma, ya National Park Service, mamailosi ngati 12 kuchoka pakati pa mzinda, mumabuka pa Recreation.gov. Ndi nkhalango yeniyeni, kwabata, kotchipa kwambiri, mabafa alipo ndi potaya zonyansa, koma pamalo oimikapo palibe magetsi. Apa ndi pomwe ine ndikukanizani. Julaye wa ku Washington achemwali ndi Nchalo ya mu Okotobala kuonjezapo chinyezi, thukuta losauma, ndiye anthu a ku Dedza ozolowera kugona ndi bulangete muwatsekere m'bokosi la malata lopanda AC? Jenereta ilipo inde koma usiku saloleza kuliza. Kuli nkhupakupanso, ana akasewera mu udzu muziwayang'ana m'miyendo. Bola mukanapita mu Epulo kapena Okotobala ndikanati yesani, koma ulendo uno ayi.

Za kutchipa tiyeni tiwerengere limodzi osanamizana. Kuchoka ku South Bend kukafika ku DC ndi mamailosi pafupifupi 600, kupita ndi kubwerera 1,200, ndipo chigalimoto chimenechi chimamwa, galoni imodzi chimayenda mamailosi 8 mpaka 10, ndiye kuti magaloni oposa 120 musanapatukire kwina kulikonse. Onjezani ya renti pa tsiku, makampani ambiri amatchajanso pa mailosi, inshuwalansi, dipoziti, ma toll a Indiana, Ohio ndi Pennsylvania Turnpike, kenako ya paki ija. Mukaphatikiza mupeza kuti zipinda ziwiri za hotela kunja kwa mzinda pafupi ndi siteshoni sizikusiyana kwenikweni, pena hotelayo nkupambana kumene. Ndiye ngati cholinga nkupulumutsa dola basi, RV si yankho.

Chimene ine ndimaikondera ndi china, khitchini. Akuluakulu athu masiku awiri a ma burger tsiku lachitatu nkhope yagwa, ayamba zoti "ife takhuta" chonsecho sanadye. Mu RV madzulo mwabwerako kotopa, mwatereka poto, nsima yapsa, mukudyera panja pa tebulo la pikiniki madala akukamba nkhani za ku Wenela, zimene zija hotela singakupatseni. Toileti kuyenda nayo pa ulendo wa maola 10 ndi anthu achikulire nayonso si nkhani yaing'ono.

Koma khitchini yomweyo inandichititsa manyazi ine ulendo wanga oyamba. Malo amene ndinabuka anali a magetsi a 30 amp, sindinalabadire kuti nambalayo ikutanthauza chani. AC ikulira, madamu ayatsa ketulo, mwana waika chakudya mu microwave, kungomva thi! mdima, zonse zii. Ine kutuluka ndi tochi ya pafoni nditavala kabudula kukasaka switch pa chipilala chija, mzungu wina wachikulire wa pa RV yoyandikana nafe akungondiyang'ana kapu ili m'manja, kenako anabwera nkundionetsa breaker, amvekere pa 30 amp umasankha, kuzizira kapena tiyi. Kuyambira pamenepo nsima timaphikira pa gasi, ketulo timayatsa AC itazima.

China chimene obwereketsa amafotokoza mothamanga ndi matanki. Pali la grey, madzi a kusinki ndi kubafa, ndi la black, la kutoileti. Ngakhale mwalumikiza paipi, la black musalisiye chotsegula, madzi amathawa zolimba nkutsala ndipo fungo lake simudzaiwala. Lizikhala lotseka mpaka litatsala pang'ono kudzadza, mutsegule limenelo kaye kenako la grey kuti litsuke paipi. Magolovesi gulani. Ntchito imeneyi apatseni abambo akunyumba, ndi yawo.

Pa msewu, njira yanu ya I-70 ndi I-270 sidutsa mu Baltimore, koma mukatengeka zoti tipitirire ku New York dziwani kuti mu Fort McHenry Tunnel ndi Harbor Tunnel saloleza masilinda akuluakulu a gasi wa propane ngati a mu RV, ndipo mlatho wa Key Bridge umene anthu ankazembera unagwa mu Malichi 2024 sitima yapamadzi itaomba, ndiye muzungulire Baltimore pa I-695 chakumadzulo. Google Maps sidziwa kuti mukuyendetsa nyumba, izingokulozerani pafupi.

Mtauni momwemo ndiye simuononga zambiri, ma museum a Smithsonian ndi aulere, kungoti Air and Space ndi ya African American History amafuna mutenge tikiti ya nthawi pa intaneti, yaulere yomweyo koma imatha msanga. Mu sitima za Metro saloleza kudya, auzirenitu masteni asatulutse mtedza m'chikwama. Ndipo usiku ku paki ikakwana cha m'ma 10 koloko amafuna bata, madala akaimba foni ku Dedza pa WhatsApp muwakumbutse kuti makoma ake ndi opyapyala, asakuwe ngati akuitana munthu kutsidya kwa dambo.

Ndatsala pang'ono kuiwala, mapoto a m'ma RV obwereka ndi tating'ono topepuka, nsima ya anthu 6 singakwanemo. Nyamulani poto wanu wa kunyumba, mthiko ndi chipande.