Kodi ndowe za ng'ombe imodzi zingalowe m'malo mwa feteleza?

Mayi ena a kwa Nankumba, kunyanja ku Mangochi, anditumizira imelo sabata yatha. Akuti mtengo wa feteleza wawafika pakhosi, ndiye akufuna kugula ng'ombe yamkaka ya Friesian kuti azigulitsa mkaka, ndowe zake n'kumathira m'munda wa chimanga wa maekala awiri. Akufunsa ngati angasiyiretu feteleza chaka chino.

Mayi, chaka chino ayi. Maganizo anuwo ndi abwino, koma nthaka yoguga sichira tsiku limodzi, ndipo ndowe za ng'ombe imodzi sizingakwane maekala awiri.

Ndiyambe ndi ng'ombeyo. Friesian imakonda kozizira, n'chifukwa chake alimi ambiri a SHMPA, bungwe la alimi a ng'ombe zamkaka, ali ku Thyolo, Chiradzulu ndi Mulanje, komwe kulinso malo oziziritsira mkaka. Dzuwa la Okutobala kuno kunyanja mukulidziwa: ng'ombe imangoti wefuwefu pamthunzi, kudya osadya, mkaka n'kuchepa. Umene mwakamawo ukachedwa kugulidwa, pofika masana wasasa. Kumtunda ngati ku Namwera kuliko bwino. Kwanuko ndingakonde mutapeza yosakaniza ndi ng'ombe zathu zachikuda, ndipo mudzale kaye nsenjere isanabwere. Nkhupakupa nazo sizimva zoti ulimi ndi wachilengedwe; musasiye mankhwala musanalankhule ndi alangizi a ziweto.

Pa ndowe ndi pamene ambiri timaluza. Ine chaka china ndinatuta ndowe m'khola mu Ogasiti n'kuziunjika timilu m'munda, poyera. Pofika nthawi yodzala zinali zitauma gwa, zopepuka ngati makoko, mphamvu yambiri itapita ndi dzuwa. Chimanga chinatuluka chachikasu ngati sindinathire kanthu. Panopa ndimayala mapesi ndi masangwe a mtedza m'khola kuti azimwa mkodzo, poti chakudya chambiri cha mbewu chili mumkodzomo. Ndikatuta ndimaika m'dzenje pamthunzi, kuwaza madzi, kufundika, n'kumatembenuza mpaka ziziwoneka zakuda ndi kununkhira ngati dothi la m'nkhalango. Pothira, ndimaika paphando n'kukwirira, osati kumwaza.

Ena akuuzani za manyowa a Mbeya: ndowe, madeya, phulusa, madzi ndi feteleza pang'ono, kumanga m'thumba masiku 21. Amathandizadi kuti thumba limodzi lifike patali, kungoti poti muli feteleza, musawatche achilengedwe.

Komanso yang'anani m'munda mwanu ngati muli msangu. Mtengowu umayoyola masamba nthawi ya dzinja, motero suphimba chimanga, ndipo pansi pake mbewu imakhala yobiriwira kuposa pena. Nyemba zake mbuzi ndi ng'ombe zimadya m'chilimwe msipu ukasowa. Chikhalirecho anthu akuudula n'kuwotchera njerwa! Ku Makoka, ku Zomba, akatswiri anayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kudzala mitengo yobwezeretsa chonde ya gilisidiya pakati pa chimanga, n'kumasadza masamba ndi kuwakwirira. Zokolola zinakwera, koma patapita nyengo zingapo, ndipo zinkaposa akawonjezerako feteleza wochepa.

Ndiye gawani mundawo. Theka la ekala pafupi ndi khola thiraniko manyowa okhaokha, mudzalemo nandolo pakati pa chimanga. Kwinako pitirizani ndi feteleza amene mungakwanitse, ndipo pamchenga pamene kaufiti wakhazikika dzalanipo mtedza chaka chino. Pokolola muwerenge matumba a mbali iliyonse payokha, mudzandilembere.